Maungu ndi Milandu ya Bambo a Lute

Lolemba, 24 Epulo 1978

Alipo pa chakudya chamadzulo: ine, bambo a Lute, ndi mwana wathu Lute. Mphaka analiponso, koma wasuzumira m'mbale n'kutuluka.

Lero ndayamba. Bambo a Lute chilungulira chinawagwira kuyambira pa Khirisimasi. M'mawa uliwonse agwira pachifuwa, abuula, anyambita soda wanga wophikira therere. Chitini chachitatu chino. Kuchipatala amakana. "Ine sindidwala, amake Lute. Amadwala ndi anthu aulesi." Munthu wosadwalayo madzulo amadya mitanda isanu ndi umodzi n'kugwa pamphasa ngati thumba la mpunga.

Mayi Nyirenda, amene amatiphunzitsa amayi kuphika ndi kusoka Lachisanu lililonse, anandilangiza chonchi: "Madzulo munthu azidya zopepuka. Masika ano zonse zili m'munda mwanu. Koma musawauze kuti ndi mankhwala. Mwamuna akamva mawu amenewo amakana ngakhale uchi. Ingophikani, muike, mukhale chete."

Kukhala chete ndimakhoza.

Ndondomeko ya sabata ino:
Lolemba, maungu ndi mtedza wauwisi.
Lachiwiri, futali wa mbatata.
Lachitatu, dowe ndi nkhwani wotendera.
Lachinayi, msuzi wa usipa ndi chinangwa pang'ono.
Lachisanu, phala la mpunga.
Loweruka ndi Lamulungu, ndiona.
Nsima masana okha. Kuchigayo sindipita, ufa umene ulipo ukwana.

Dzungu ndasankha lofumbutuka bwino, lotsekemera. Bambo a Lute asamba m'manja. Adya. Amaliza. Ayamikira: "Zotsegulira kukhosizi zinali bwino." Asambanso m'manja kachiwiri, akhala, dzanja likudontha madzi, maso kukhitchini.

Ndichotsa mbale.

Akundiyang'ana ngati ndine wokhometsa msonkho. Kenaka motsitsa mawu: "Kodi pali chimene ndalakwa?"

"Palibe."

Ndanena zoona. Iwo atuluka thukuta.

Lachiwiri, 25 Epulo

Soda sanakhudzidwe! Ndayang'ana m'chitini kawiri. Adzuka osabuula, akwera njinga, apita kuntchito kusiteshoni ya sitima. Mayi Nyirenda ndi munthu wophunzira.

Futali wapsa bwino. Mbatata ya m'dimba, nsinjiro zosinja ndekha, mchere wa pakati. Fungo lafika mpaka kumsewu. Ine ndadya mbale yonse, mtima uli mbee.

Iwo afunsa mwana: "Lute, masana mwadya chiyani?"

"Nsima ya utaka, ababa."

Chimene sindinaganize ndi ichi: masana iwo sakhala pakhomo. Amamwa tiyi ndi sikono kusiteshoni. Ndiye kuti nsima ikuphikidwa m'nyumba muno iwo akachoka, n'kutha iwo asanabwere. Ine ndaziona lero. Iwo aziona msanga kuposa ine.

Amtuma Lute kukatseka nkhuku. Akhosomola. Ayang'ana pansi.

"Amake Lute, tambala wofiira uja. Sanagwidwe ndi vumbwe ayi. Tinadya ndi anzanga a bawo."

Vumbwe wa miyendo iwiri, wokwera njinga! Ine mwezi wa Febuluwale ndinamanga khola latsopano ndi manja anga, minga ili m'zala. Ndinakwapula galu kuti amagona pantchito. Iwo ali pomwepo, akuthandiza kutukwana vumbweyo.

Galu ndamupepesa ndi mkute.

Lachitatu, 26 Epulo

Soda sanakhudzidwe, tsiku lachiwiri.

Masana tili pabwalo la sukulu kukonzekera magule, poti mwezi wamawa kuli mwambo ku boma ndipo a tcheyamani akulemba mayina a osabwera. Tavina mpaka fumbi kulowa m'mano. Popuma, Abiti Jafali, mnansi wanga wa kuseri kwa mpanda, andikokera pambali.

"Mwachita bwino, achemwali. Mwamuna amamvera m'mimba. Koma tandiuzani, mkaziyo ndani?"

Ndikuti kulibe mkazi aliyense.

"Eee, bisani, bisani. Koma mthiko wanu madzulo sukumveka, tonse tili ndi makutu."

Kodi anthu amagona akumvetsera mthiko wa eni! Amayi atatu andigwira dzanja ngati namfedwa. Wina akuti amake anachitapo zimenezi kwa bambo ake, pa tsiku lachinayi bamboyo anaulula mbuzi ziwiri ndi mwana mmodzi.

Madzulo: dowe wophika anayi, wanthete, wa kudimba. Nkhwani wotendera, tomato mmodzi. Chakudya chabwino ndithu, ngakhale m'busa ndikhoza kumuikira.

Adya dowe atatu. Chitsononkho achitembenuza kawiri kufuna njere yotsala. Amtumanso Lute kukatseka nkhuku zotseka kale.

"Wailesi ija. Siili kwa wokonza ku Salima ayi."

Ili pinyolo kwa mayi wotcheza kachasu. Chitsulo chokonzera wailesi chimene akhala akundiuza kuti chikuchokera ku Lilongwe kulibe. Ine kuyambira Novembala ndimakamvera uthenga wa maliro pawailesi ya Abiti Jafali, nditaima pampanda ngati mbuzi.

Ndikanawauza lero za chilungulira. Mawu anafika pakamwa. Koma chinangwa cha mawa ndakumba kale, ndipo munthu sungataye chinangwa. Komanso, ndinene zoona, ndikufuna kumva kuti nkhokwe ya machimoyi ndi yakuya bwanji.

Lachinayi, 27 Epulo

Usipa wauwisi ndagula kwa wanjinga m'mawa. Msuzi wake: tomato awiri, anyezi, mandimu pang'ono, tsabola wa kambuzi mmodzi. Chinangwa chofewa ngati mkate. Pa zonse za sabata ino, ichi ndiye ndachiphika ndi mtima wonse.

Abwera dzuwa litalowa, akuimba mluzu. Munthu wanjala saimba mluzu.

Alawa masupuni awiri. "Ndakhuta, amake Lute, zikomo." M'zikhadabo muli nsima. Pamalaya pali dontho la msuzi wa chambo. Lute akuti anawaona pakhonde la Abiti Jafali, ali ndi amuna awo a Abiti, manja onse awiri ali pantchito.

Nkhuku lero sanatume munthu kukatseka. Kuulula: palibe. Munthu wokhuta salapa.

Msuzi wanga ndamwa ndekha, wotsala wamwa mphaka. Mphaka sanaulule kanthu, ngakhale ndikudziwa kuti ali nazo.

Manyazi okha. Mwamuna wanga kukadya nsima ya mkazi wina, ine ndili moyo, mikono yonse iwiri ilipo!

Lachisanu, 28 Epulo

Soda: supuni imodzi ndi theka. Kubuula kwabwerera.

Mamawa Abiti Jafali ali pampanda. "Pepani achemwali, dzulo ndinali kosinja, anaphika ndi mwana. Wallahi sindinadziwe. Lero akabwera apeza chitseko. Ife akazi tizigwirizana." Ndathokoza. Kenaka: "Koma ufa wake mbale imodzi ndi theka, poti mwamuna wanu sadya ngati mlendo." Kugwirizana kwa akazi kuli ndi muyeso wake.

Kusukulu ya amayi ndawafotokozera Mayi Nyirenda zonse. Akuti: "Pitirizani, thupi likuzolowera." Ndafunsa kuti amuna awo anazolowera patapita masiku angati. Akuti amuna awo ali ku Mzuzu, amaonana pa Khirisimasi. Ndiye kuti njira imeneyi sinayesedwepo pa mwamuna wamoyo. Woyamba ndi wanga.

Madzulo: phala la mpunga, nsinjiro, shuga supuni imodzi. Lonunkhira.

Afika nkhope itagwa. Kwa Abiti Jafali apezadi chitseko. Aona phala. "Phala, amake Lute? Ngati wodwala malungo?" Amwa lonse, akombeza ndi chala. Amtuma Lute kwa agogo ake, osati kukhola. Kenaka aulula.

Chilimwe chatha anapita ku Khombedza katatu, amvekere akukaona akulu awo a Dikisoni amene mwendo unatupa. Ine ndinkawamangira ufa ndi nkhuku yophika ya wodwala. Mwendo sunatupe. Kunali mayi wogulitsa zitumbuwa pamsika. Anamgulira chitenje ndi sopo. Anamufunsira kuti akhale mkazi wachiwiri.

Ndafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye?"

"Anandikana. Akuti mimba yandikulira."

Sindikudziwa chimene chikundiwawa kwambiri, kufunsirako kapena kukanidwako. Zaka khumi ndi zinayi ndikusamala katundu amene wazitumbuwa wangomuyang'ana kamodzi n'kumubweza.

Mimba imene ndikuvutika nayo kuti ichire ndi yomweyo. Chitenje changa chabwino ndi chimodzi, cha magule, ndipo ndinagula ndi mpunga wanga.

Mpoto wa phala sindinatsuke.

Loweruka, 29 Epulo

Lero si mankhwala.

Ndasankha dzungu lamadzi, limene ndinaikira nkhumba za amalume. Mchere sindinathire. Mtedza palibe. Ndaika pamphasa, ndanena kuti, "Chakudya chapsa," mwaulemu wonse, nditagwada.

Ayang'ana dzungu. Ayang'ana ine.

"Amake Lute, ndaulula zonse. Kwatsala chiyani? Mukufuna ndiyambe kupeka?"

Ndikuti palibe.

"Palibe wanuyo andipha!"

Adya ndithu, mpaka khungu. Kenaka apopa njinga, akuti akupita kukaitana ankhoswe mawa lisanafike, poti m'nyumba muno munthu akuphedwa pang'onopang'ono ndi zamasamba. Wodandaula ndi iwo! Wa tambala, wa wailesi, wa zitumbuwa, ndiye akukasuma.

Lute akufunsa ngati tikupita kukakhala kwa agogo. Ndamuuza kuti atseke nkhuku. Ndalowa kukhitchini, ndalira pang'ono, utsi unalipo wokwanira kunamizira.

Ukwati ukatha, anthu adzati unatha ndi maungu. Palibe adzatchule Khombedza.

Lamulungu, 30 Epulo

Alipo pakhonde titaweruka kutchalitchi: amalume anga a Chikuse, nkhoswe ya kwathu; alamu anga a Dikisoni, nkhoswe ya kuchimuna; bambo a Lute; ine. Kuseri kwa mpanda: Abiti Jafali, akupeta mpunga wopeta kale.

A Dikisoni abwera wapansi kuchokera kumsewu. Miyendo yonse iwiri ndi yofanana. Ndawafunsa za mwendo. Ayang'ana kudenga.

Ankhoswe saweruza ndi njala. Ufa m'nyumba watha, poti kuchigayo sindinapite. Ndabwereka kwa Abiti mbale zitatu, kudutsitsa pampanda.

Ndafotokoza zonse mwadongosolo: chilungulira, soda, Mayi Nyirenda, ndondomeko. Ndanena kuti masiku amene anadya zanga zokha, soda sanamukhudze.

Bambo a Lute: "Ayi, chimenecho sichinali cha chakudya. Anali machimo amandiotcha pachifuwa. Nditaulula chinazizira."

A Dikisoni: "Ameni."

Amalume: "Mwana wa mlongo wanga, ngati anali mankhwala, bwanji munthu amatuluka tambala ndi wailesi m'kamwa? Mankhwala otere ine sindinawaone. Iwe unatsegula bwalo mumphika. Mlandu saweruzira mumphika. Nanga ife ankhoswe tizidya chiyani, tizigwira ntchito yanji?"

Ndikuti dzulo lokha ndiye ndinachita dala.

"Wamva? Wavomera."

Chigamulo.
Iwo: awombole wailesi, agule tambala, andigulire zitenje ziwiri kuti ndipose wa zitumbuwa ndi chimodzi, ndipo ku Khombedza phazi lisapondeko. A Dikisoni akadwala mwendo woona, adzachita kubwera nawo kuno.
Ine: ndipepese chogwada, nsima madzulo alionse, ndi nkhuku imodzi yopepesera mwamuna amene ndinamumana chakudya mlandu usanamveke.

Ndagwada. Ndapepesa. Nkhuku ndapereka thadzi langa loikira, ndapha ndekha, ndaphika ndekha. Iwo atatu adya. Ine ndalandira khosi.

Potsanzika amalume andinong'oneza: "Za maunguzi azakhali ako asazimve." Mochedwa. Abiti Jafali apempha kale maungu awiri pampanda, akuti amuna awo akhala akuchedwa kubwera kuchokera kudoko masiku ano. Afunsanso kuti pambuyo pa futali pamabwera chiyani.

Ukwati ulipo. Za ku Khombedza mumtima mwanga sizinathe, koma ankhoswe ati zatha, ndiye zatha.

Madzulo: nsima. Mthiko ndaumenya mwamphamvu kuti mudzi wonse ugone ndi mtendere. Adya mitanda isanu ndi iwiri, akuti akubweza ya masiku aja. Nkhwani sanamuyang'ane. Tsopano agwira pachifuwa, akufunsa kumene ndaika chitini. Machimo atsopano, kapena.

M'munda mwatsala maungu ambiri, mbatata mizere inayi, mtedza wosakumba. Ndizidya masana ndi Lute.

Zimene iwo abweza mpaka pano: palibe. Akuti malipiro akatuluka.

Zimene ine ndapereka: thadzi limodzi.

Ngongole yotsala, kwa Abiti Jafali: ufa mbale zinayi ndi theka, ndi chambo chimodzi.