Utsi Umene Ndinalonjeza ku Ndake

Mukadzapita ku Ndake pa vaneti yoyela, amai ena n'kuyamba kuseka atangoiona, musakwiye. Sakuseka inu. Akukumbukila ine.

Ndine munthu wamkulu ndithu, imvi zinayamba kale m'mbali mwa makutu, ndipo kutchalitchi kwathu ku Petauke ndimakhala benchi lakutsogolo. Ntchito yanga ndi yonyamula katundu wa anthu: chimanga cha ku Msanzala, thonje la ku Kaumbwe, nthawi zina mbuzi, nthawi zina bokosi la malilo. Koma theka la ntchito imeneyi ndi kudikila. Umaima pamzele kudepoti kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo munthu wodikila amene ali ndi foni m'manja, Satana savutika kum'peza.

Ine anandipezela pa mavidiyo a mpikisano wa magalimoto akunja, aja amathamanga awiliawili pamsewu wowongoka. Kuthamangako sikunandikope kwenikweni. Chimene chinandigwila mtima ndi zimene amachita asananyamuke. Galimoto imaponda timadzi pang'ono, kenako n'kuima. Mawilo akutsogolo ali nji, osasuntha, koma akumbuyo akuzungulila pamalo amodzi, kulila ngati nkhumba yogwidwa mwendo, mpaka utsi woyela kuti tolo. Anthu oonelela n'kumakuwa, ena kuponya zipewa m'mwamba.

Ndinafufuza mpaka ndinamvetsa. Amatelo kuti mphila ya matayala itenthe, ifewe, igwile tala ngati ulimbo. Ndipo nzelu yonse ili pa mabuleki. Galimoto wamba ukaponda buleki, mawilo onse anayi amagwila. Iwo aja anaikamo kabatani. Amaponda buleki, n'kudina kabataniko, n'kuchotsa phazi. Mabuleki akutsogolo amatsala chilumile, akumbuyo amamasuka. Mutu wa galimoto wamangidwa, matako akuvina. Ndinaonela kambilimbili mpaka ndinayamba kudziona ngati mmodzi wa iwo (ine, amene ndimachepetsa liwilo ndikaona nkhuku ikuganiza zodumpha msewu).

Nthawi yomweyo kunabwela ukwati wa mlamu wanga Esinati, mzime wa apongozi anga ku Ndake, ku Nyimba. Pamsonkhano wa banja anagawa ntchito. AMwanza a ku Lusaka, amene anakwatila mkulu wawo wa akazi anga, anapatsidwa yonyamula akwati, poti galimoto yawo ndi yakuda, yonyezimila, ya magalasi osaoneka mkati. Ine ndinapatsidwa mipando, mapoto ndi dilamu la madzi.

Sindikunena kuti ndinachita nsanje. (Ndinachita.) Kungoti zaka zonsezi, apongozi akadwala, wowathamangitsila kuchipatala ndine. Feteleza wawo amabwela pamsana pa vaneti yanga. Koma tsiku la nthungululu likafika, nthungululuzo zimapita kwa aMwanza. Ndinangofuna kuti tsiku limodzi lokha anthu a ku Ndake atembenuke, aone kuti nayenso wonyamula mipando ali ndi kanthu.

Ndinauza munthu mmodzi yekha, alamu anga aLazalo, mlongo wawo wa akazi anga, mlimi wa thonje. ALazalo ndi munthu wabwino mtima, koma chibadwile sanakanepo ganizo loipa. Ndinawaonetsa vidiyo. Anaonela ali kukamwa yasa.

"Alamu," anatelo, "iyi motoka yanu ingachite ivi?"

"Nayonso imakankha ndi akumbuyo," ndinayankha. "Kusiyana kwake ndi penti chabe."

"Basi. AMwanza akagona ndi mutu."

Tinakayesela pa tala, pakati pa Petauke ndi Nyimba, pamalo opanda nyumba. Pamenepo ndipomwe ndinazindikila vuto loyamba. Zopondela zilipo zitatu, kilachi, buleki ndi moto, koma Mulungu anandipatsa mapazi awili. Ndikachotsa phazi pa buleki kuti ndiponde moto, vaneti imadumpha ngati chule. Ndikapingasa phazi kuti ligwile zonse ziwili, injini imazima. Pamene zinaoneka ngati zikutheka, mabuleki akumbuyo nawonso anali atagwila, ndiye chimene tinapeza ndi fungo lokha, lija la mpunga wopselela.

Munthu wanzelu akanalekela pomwepo. Ife tinakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kuganiza, ndipo kuganiza kwa anthu awili ngati ife ndi koopsa kuposa kusaganiza.

Nkhani ya mabuleki akumbuyo ndinaithetsa ndine. Pansi pa vaneti pali kapaipi kamphila kamene kamapititsa mafuta a buleki kumawilo akumbuyo. Ndinati tikakafinya ndi pulayala ija imaluma osasiya, mafuta sadutsa, ndiye buleki igwila kutsogolo kokha. Kabatani kathu kanali komweko. (Musayesele. Ndikunena ndi mtima wonse, ngakhale simunamve n'komwe mathelo ake.)

Nkhani ya phazi lachitatu anaithetsa aLazalo.

"Ine nikhala pambali panu na mpini wa khasu," anatelo. "Buleki niponda ndine. Imwe muone vya kilachi na moto."

Tinagwilana chanza ngati anthu amene atulukila mankhwala a malungo. Sitinayeselenso, chifukwa aLazalo anati tisathele matayala pachabe popanda oonelela.

Tsiku la ukwati zonse zinayenda bwino kutchalitchi. Pobwelela kumudzi, galimoto ya aMwanza inali patsogolo, italembedwa ndi maliboni, ikuliza hutala. Amai anaithamangila, kuyala zitenje pansi, nthungululu mpaka m'makutu kuwawa. Ine ndinafika pambuyo pa onse, mipando itasanjikizana mpaka kuphimba galasi lakumbuyo. Ndinaima pabwalo la apongozi, chakumbali kwa mtengo wa mango. Palibe anatembenuka.

"Lomba ni nthawi," aLazalo ananong'ona.

Ndinavula jekete, n'kukwawila pansi pa vaneti ndi pulayala, n'kufinya kapaipi kaja. ALazalo anatunga madzi m'dilamu n'kuthila pamawilo akumbuyo. M'mavidiyo amangonyowetsa pang'ono. Alamu anga anati utsi wambili umafuna madzi ambili, ndiye anakhuthula ndowa pa ndowa, madzi amene amai anali kuyembekezela kutsukila mbale.

Pano ndiyenela kunena chinthu chimene inu mwachiona kale, koma ine sindinachione. Magalimoto aja amachitila pa tala. Bwalo la apongozi anga ndi dothi lofiila, losesedwa bwino, lofewa ngati ufa.

Tinalowa. ALazalo anadutsitsa mpini pamwamba pa bondo langa n'kuukanikiza pa buleki ndi manja awili, lilime lili panja. Ndinaponda kilachi, kulowetsa giya, kuponda moto. Injini inabangula. Ndinachotsa kilachi.

Abale, vaneti sinasunthe. Mutu unagwila ndithu! Kumbuyo kunayamba kunjenjemela, mipando ikugundana, mapoto akulila. Kenako ndinamva mawu a amai kumbuyo kwa galimoto, ambili, okwela, akuthwa.

"Mwamva, alamu?" ndinakuwa. "Nthungululu!"

"Pondani! Pondani!" anatelo aLazalo.

Ndinaponda mpaka phazi kufika pansi. Mawu aja anakwelelatu. Ndinati eya, lelo Ndake wadziwa. Utsi unayambadi kuoneka, koma unali kutulukila pansi pa mpando wanga, ndipo unali kununkha kilachi. Ndili mkati modabwa, ndinaona kuti dziko likupendekeka. Mtengo wa mango unapendama, nyumba ya apongozi inapendama, aLazalo anatsetseleka n'kudzandigwela paphewa, mpini n'kundigogoda pachibwano. Injini inatsokomola kawili, n'kuzima.

Kunali zii. Ngakhale wailesi ya paukwatipo, munthu wina anali ataizimitsa.

Ndinatsika. Wilo limodzi lokha, la mbali yanga, ndi limene linali kuzungulila nthawi yonseyi, ndipo linali litakumba dzenje mpaka vaneti kukhala pansi ndi mimba. Dothi lonse la m'dzenjemo, losakanizika bwino ndi madzi a aLazalo, linali litapita kumbuyo. Ndipo kumbuyoko kunaima amai a kwaya, amene m'mawa uja anavala mabulauzi oyela. Tsopano anali ofiila kuyambila kuduku mpaka kumapazi, maso okha akuphethila. Patsogolo pawo, chitenje choyala chili m'manja, panaima apongozi anga.

Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake. Apongozi angawo, pakati pa chisangalalo chonse, anaona kuti vaneti yanga yafika popanda woilandila. Anauza anzawo kuti, "Awa ndiwo amatinyamula tikadwala. Tiyeni tikawaimbile." Ndipo poti kwathu kuno mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini maso ndi maso, anazungulila kuti adzele kumbuyo, mwaulemu. Ulemu umene ndinaufunafuna uja unali kubwela wokha, ndi nyimbo, pamapazi ake. Ine ndinaulandila ndi matope.

Ndinagwada pomwepo. ALazalo anali atazimilila kuseli kwa nkhokwe (amathamanga bwino pa msinkhu wawo). Akazi anga anatulukila m'gulu la anthu, mbale ya keke ili m'manja, n'kuima pakati pa ine ndi amai awo. Anangondiyang'ana momwe amayang'anila mwana wathu Tiza akabwela ndi nsapato imodzi kuchokela kusukulu.

Apongozi anapukuta kumaso ndi chitenje chija, pang'onopang'ono. Kenako analankhula, osati kwa ine, koma kwa mwana wawo, monga mwa mwambo.

"Anyina Tiza, afunseni awisi Tiza ngati sanapweteke."

Mawu amenewo anandilasa kuposa mbama. Ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti ndili bwino, ndipo ndikupepesa kwambili.

"Chabwino," anatelo. Anasuzumila m'dzenje muja, n'kugwedeza mutu ngati munthu woyamikila ntchito. "Auzeninso kuti ngati anafuna kutikumbila chitsime, akananena. Tikanawaonetsa pamene pali madzi."

Mai mmodzi wa kwaya anayesa kudzigwila, koma kuseka kunam'tulukila m'mphuno pamodzi ndi dothi. Basi, bwalo lonse linaphulika. Esinati, mkwatibwi, amene mwamwayi anali patali ndipo diresi lake silinakhudzidwe, anaseka mpaka anam'gwilila mwamuna wake. Amai a kwaya anayamba nyimbo ija anaikonzela ine, ali ofiila choncho, akuvina mozungulila vaneti yopendama. AMwanza anabwela, n'kuvula jekete lawo la ku Lusaka, n'kuyamba kutsitsa mipando. Sananene kanthu konyoza ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinandiwawa mwapadela.

Vaneti inatulutsidwa ndi ng'ombe ziwili za apongozi. Madzi otsukila mbale ndinakatunga ndine kumjigo, pa wilibala, nditavala malaya a ukwati, aLazalo akukankha nawo atapezeka. Mabulauzi a kwaya anapita nafe ku Petauke kuti tikachape, ndipo dothi la ku Ndake, ndikuuzeni, silichoka ndi sopo wamba.

Tisananyamuke ndinakwawilanso pansi kukachotsa pulayala ija. Potuluka ndinapeza mapazi a akazi anga ali pafupi ndi mutu wanga.

"N'chiyani icho?"

Ndinafotokoza zonse: kabatani, mabuleki akutsogolo, mphila yofewa, phazi lachitatu. Anamvetsela mpaka kumapeto osandidula.

"Ndiye mukanaiwala kuchotsa, tikanatsika zitunda za ku Nyimba ndi mabuleki theka, ine ndi Tiza tili momwemo?"

Ndinangosunga pulayala ija, tonse n'kukwela, n'kunyamuka. Titadutsa Nyimba ndinamva mpando ukugwedezeka. Ndinacheuka. Anali atatseka pakamwa ndi duku, misozi ikutsika.

"Awisi Tiza," anatelo atapeza mpweya, "munamva anthu akulila, inu n'kuwonjezela moto?"

"Ndinayesa nthungululu."

"Ha! Mwamuna wanga ine." Anandisisita paphewa. "Mukafuna nthungululu muzindiuza. Ndizikuimbilani pakhomo, kwaulele, popanda wovulala."

Kilachi ndinasintha sabata yotsatila. Mavidiyo aja ndimaonelabe, sindinama, koma mawu ndimachepetsa akazi anga akakhala pafupi.

Dzenje lija silinakwililidwe. Apongozi anaona kuti ndi lakuya bwino komanso lonyowa kale, ndiye anathilamo manyowa n'kubzalamo nthochi. Inakula modabwitsa. Mwezi wathawu aLazalo anafika kwathu ndi mkoko wonse pa njinga, n'kuutula pakhonde.

"Amama akuti iyi ni yanu, poti munalima ndimwe," anatelo. Anakanda m'mutu, akuyang'ana kumbali. "Akutinso mphukila zachuluka, zifunika maenje ena. Ati mukapeza mpata mubwele na motoka. Madzi atunga okha."

Ndinawauza kuti akapeleke moni ndi kuthokoza. Koma kunena zoona, usanathe mkoko uja ndinali nditayamba kale kuganiza kuti wilo linalo likanazungulila nalonso, maenje akanatuluka awiliawili.