Kanyali ka ABS ndi Feteleza wa Apongozi

Mukadzafika kwathu ku Wimbe n'kumva anthu akundiitana kuti "Amakaniko", musadzayese ndi ulemu. Ndi chipongwe chenicheni, ndipo adachiyambitsa ndi apongozi anga, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo.

Chaka chimenecho fodya adandikomera, ndiye ndidagula pikapu yakale ya ku esiteti, zija zokoka ndi matayala onse anayi, zosaopa matope. (Mapewa adakwera, ndisaname. Ngakhale pokumana ndi nkhuku ndinkaliza hutala.) Mvula itangoyamba kudamveka kuti feteleza wa makuponi wafika kudepoti, koma wochepa. Apongozi makuponi anali nawo, chimanga chitamera kale, koma miyendo inali yotupa. Chaka cham'mbuyo adapita pangolo n'kukapeza feteleza atatha, ndipo nkhokwe yawo idauma Khirisimasi isanafike.

Ine pachifuwa gu! "Bambo, chaka chino musavutike. Mawa ndikunyamulani, tikakhala oyamba pamzere."

Galimotoyo inkagona m'chigafa, momwe zingwe zosokera mabelo zimangoti mbwee. Madzulo nditasuzumira pansi ndidaona zingwe zitakulungana kumatayala. Ndidalowa ndi mpeni n'kuyamba kudula chilichonse chooneka ngati chingwe. China chinali chakuda, cholimba, chokanirira. Ndidachidula uku, kuchidula uko, n'kuchiponya panja, ndikudzitama kuti ndine munthu wosamala katundu.

M'mawa mayi a Tadala, akazi anga, adaponya kumbuyo tambala womanga miyendo kuti ndikasiyire achemwali awo okhala pafupi ndi depoti. Nditaliza injini, kanyali kachikasu kolembedwa ABS kadakana kuzima. Tanthauzo lake sindinkalidziwa, ndidangomvapo kuti ndi za mabuleki. Thukuta kamukamu. Ndidamenya dashibodi, kanyali kali pompo. Ndidathira oyilo wa mabuleki mpaka kusefukira, kali pompo. Ndidachotsa batire n'kubwezera, kakungondiyang'ana. Pomaliza ndidatola katsamba ka fodya wotsalira, n'kukanyowetsa ndi malovu, n'kumata pakanyalipo. (Inde, ndikudziwa. Musandiyang'ane choncho.)

Apongozi adakwera atavala jekete la kutchalitchi, makuponi ali m'thumba lam'kati. Ine poganiza kuti mabuleki palibe, ndidayenda ngati ndanyamula mazira.

"Akamwini, kodi galimoto ikudwala? Amene atipitirira panjingawa ndi anaBanda, ali ndi mwana kumbuyo."

"Ndikusamala miyendo yanu, bambo."

Itatipitiriranso ngolo, mwini wake akutibayibitsa, manyazi adandigwira ndipo ndidaponda moto. Potsetsereka kudambo mbuzi idadumphira mumsewu. Ndidaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse. Matayala adauma gwa, galimoto n'kuyamba kutsetsereka cham'mbali, chiwongolero osamvera, mpaka tidakaima m'munda wa fodya wongowokera kumene. Katsamba kaja kadagwa.

"Nanga kamoto aka?" adafunsa apongozi.

Ndidaulula za kanyaliko. Sadakalipe. Adangogwira thumba la jekete n'kunena motsitsa, "Mukadandiuza, bwenzi nditalawira pangolo." Mawu amenewo adandipweteka kuposa zotukwana za mwini munda, amene ndidamulonjeza mbande za kunazale kwanga. M'maganizo ndidaona nkhalamba ikugonanso ndi njala chifukwa cha matama anga, ndipo misozi idalengeza.

Galimoto idatuluka m'matopemo bwinobwino, koma apongozi adanenetsa kuti akangofika pamsika akutsika, sakweranso kanyaliko kakuyaka. Pamsikapo pali a Chirwa, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango.

"Mabuleki alipo, achimwene," adatero a Chirwa. "Chafa ndi chija chimaletsa matayala kuuma mukaponda modzidzimuka. Tayala lililonse lili ndi kasensa kouza galimoto mmene likuzungulirira. Kamodzi kakangokhala chete, kanyali kamayaka."

Adalowa pansi, kugwira tayala ili, kugwira lija, kenaka adatulutsa mutu.

"Waya wa tayala lakutsogololi wapita kuti?"

"Makoswe a m'chigafa amenewo," ndidayankha msanga.

"Makoswe akwanu amanola mipeni? Wadulidwa bwinobwino mbali zonse ziwiri. Ndipo waya wotere pano ndilibe, mpaka kutauni."

Kutauni! Dzuwa linali litakwera, njinga zonyamula matumba a feteleza zitayamba kale kudutsa pobwerera. Ndidakhala pansi, manja kumutu. Pamenepo tambala uja adalira kumbuyo, apongozi n'kusuzumira.

"A Chirwa, wayayo ndi wakuda?"

"Eya, bambo."

"Tabwerani muone chimene mwana wanga wamangira nkhuku."

Abale inu! Mayi a Tadala adatola chingwe changa chokanirira chija pakhomo pa chigafa, n'kuona kuti n'cholimba bwino. A Chirwa adaseka mpaka kutsamira mtengo. Apongozi adayesa kudzigwira monga mkulu wa mpingo, koma mapewa ankagwedera. Ine ndidangoti, "Makoswewo ndi ine."

A Chirwa adamasula tambala, kusenda wayayo, kulumikiza, kukulunga tepi. Nditaliza injini kanyali kadayaka pang'ono, kenaka zii! Apongozi adakwera atafukata tambala pamiyendo, chifukwa chomangira china panalibe, ndipo adati, "Tsopano thamangani, Amakaniko."

Tidafika mzere utatalika, matumba atatsala pakona pokha. Ndidaima m'malo mwawo, iwo atakhala pamthunzi ndi tambala wawo, ine ndikuwerenga matumba otsala nthawi iliyonse thumba likatuluka. Dzina lawo litaitanidwa adadzuka ngati mnyamata, ndipo matumba awo ndidasenza ndekha, osalola wina kukhudza. Pobwerera padambo paja ndidaponda buleki, idanjenjemera pansi pa phazi, galimoto n'kuima mowongoka. Chaka chimenecho nkhokwe ya apongozi idafika mpaka chimanga chatsopano.

Kodi ndidaphunzirapo kanthu? Ndimati eya. Koma sabata yathayi ndidaonanso zingwe kumatayala, dzanja n'kupita lokha kumpeni. Mayi a Tadala adandiona ali kukhitchini n'kukuwa, "Bambo a Tadala, mudule waya wautali! Lero nkhuku zomanga zilipo ziwiri."

Mpeni ndidabweza m'thumba, zingwezo n'kumasula ndi zala.