Mavakyumu Atatu a Alandilodi

Lolemba
Mkazi wanga, amake Tadala, akufika Loweruka kuchokera ku Lilongwe, khanda lili m'manja. Uthenga wawo pafoni: "Kapeti ija ndisaipeze ndi fumbi. Mphumu yanga mukuidziwa." Alandilodi, mayi wachikulire wa kuno ku Lang'ata mu Kenya muno, akuti ndisagule kanthu, m'chipinda cha katundu muli vakyumu yopopera fumbi. Ndikutsegula. Alimo atatu!
- yachitsulo, yolemera ngati thole, anaisiya mzungu Kenya isanalandire ufulu
- yathumba lansalu, ya malemu amuna awo
- yapulasitiki, yopanda payipi
Palibe yoyaka. Koma akufa atatu sangalephere kubala wamoyo mmodzi.

Lachiwiri
Ku ofesi ntchito sikuyenda, ndikuwerenga mbiri ya makinawa. Kani ena akale ankakokedwa ndi mahatchi! Ankaima pamsewu, payipi n'kulowera pawindo. Ena ankafuna anthu awiri, wina kupopa, wina kukolopa nawo. Enanso ankauzira fumbi m'malo molimeza. Ndaseka mpaka abwana asuzumira.

Lachitatu
Ulendo wa ku Industrial Area, kwa fundi wokonza makina, onse atatu ndanyamula. Kondakitala wa matatu, minibasi ya kuno, akuti yachitsuloyo ikhale pampando wakewake ngati munthu. Fundi waisuzumira, waitana anzake onse kuti aijambule. "Mzee, iyi malo ake ndi ku museum." Komabe wavomera kuyesa.

Lachinayi
Yatheka! Injini ya mzungu, thumba la malemu, mateyala a yapulasitiki. Kulira kwake ngati ndege yonyamuka pa bwalo la Wilson. Ndafunsa ngati waiyesa pa fumbi, akuti, "Hakuna shida," ndiye kuti palibe vuto. Ine kudzimva ngati injiniya.

Lachisanu
Mayo ine. Ndikuyatsa pabalaza. Sikumeza, ikuuzira! Thumba likufufuma, likufufuma, phuu! Palibe analikhuthulapo chimwalirire mwini wake. Zomwe zagwa m'nyumba mwanga:
- ubweya wa galu amene sindinamuonepo
- zotokosera m'mano
- mphemvu zouma, banja lonse
- ndolo imodzi yagolide
Fumbi pakama, m'kabedi ka mwana, m'botolo la shuga. Alandilodi athamangira kuno poganiza kuti kwaphulika gasi. Atola ndolo ija, aitembenuza, aitembenuzanso. "Iyi si yanga." Ndikuti mwina ndi ya mlendo. Akuti vakyumu ya thumba limeneli sinkatuluka kuchipinda chawo chogona. Atuluka osatsanzika.

Loweruka
Ndasesa kuyambira mbandakucha, fumbi likungosamuka malo. Takisi yaima. Amake Tadala aponda pakhomo, ayetsemula, atsokomola, andiyang'ana tsitsi lotuwali. Sanalowe. Abwerera m'takisi momwemo, wa kwa Mayi Nyirenda, anzawo a kutchalitchi. Mwana wanga ndangomuona kachipewa ndi kadzanja pawindo. Kadzanja kokha!

Lamulungu
Kutchalitchi sindipita, nkhani yafika kale. Kapeti ndaipinda, ili panja. Ndagwada pasimenti ndi chidebe ndi malaya akale. Alandilodi atumiza uthenga kuti zonse za m'thumba lija ndisataye, akufuna afufuzemo okha. Ndawaikira m'katoni pakhomo pawo, ndagogoda, ndathawa.

Mayi Nyirenda aimba. Akuti amake Tadala akupuma bwino, abwera akadzayendetsa chala pawindo n'kuchipeza choyera. Akutinso mwana wafanana nane mphuno. Chabwino. Ndikatunge madzi ena.