Khola Lopanda Chitseko

Usiku wathawu ndalota zinthu, anzanga, moti mpaka pano mutu sunabwerere m'malo mwake. Koma muyambe mwadziwa izi: mwezi watha ndinagumula khoma la khola lathu kuti ndilikuze, poti nkhuku zachoka pa khumi ndi ziwiri kufika pa makumi anayi. Khoma ndinamanga, malata ndinafolera, koma chitseko chakale chinathyoka pogumulapo, china sindinapeze. Ndiye nkhuku zonse zakhala zikugona pabalaza. Lolemba akazi anga, mayi a Yankho, anandiuza kuti, "Likafika Loweruka m'nyumba muno mudakali zitosi, ine ndikupita kwathu ku Ntcheu. Muzikhala nazo nkhuku zanuzo."

Ndiye m'malotomo ndili kuseri kwa nyumba, dzuwa lili paliwombo, hamala ili kumanja. Ndati ndikhome msomali, msomali uja wandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, mukundikhomera pati? Thabwa lake lili kuti?" Kuyang'ana bwino, chomwe ndagwira ndi buledi. Ndiye ndinaupepesa msomaliwo, iwo n'kuti palibe kanthu, unamva kale kuti ntchito zanga n'zotero.

Mwadzidzidzi afika a Mwalabu, alangizi a ziweto, panjinga yamoto yomwe imatetera ngati thadzi lofuna kuikira. Atulutsa tepi.

"Nkhuku iliyonse imafuna malo ake, bambo. Tiyeze."

Ndiye akakoka tepi, khola likuyenda lokha kutsatira tepiyo. Lameza thandala la mbale, lameza bafa, lameza kadimba ka mpiru ka mayi a Yankho, mpaka lafika pakhonde.

"Alangizi, ndiyesa lakula mokwanira," ndatero ine.

"Mwawerenga zomwe zidakali m'mazira?"

Sindinawerenge. Pocheuka ndaona jekete ndi lawo lomwe lija, cholembera chili pathumba, koma kumbuyo kwatuluka mchira waubweya ndipo kukamwa kwasongoka. A Mwalabu asanduka likongwe, uja wotha anapiye. Aima pakhomo pa khola akunyambita milomo.

"Khola lamakono ili. Chitseko musaike, mpweya uzilowa bwino. Ndizibwera ndekha kudzayendera."

Ine n'kuwathokoza, mpaka kuwomba m'manja. Musandifunse chifukwa chake, inenso sindikudziwa.

Ndiye ndalowa m'kholamo, ndapezeka ndili pabalaza pathu. Nkhuku zadzaza pamipando zikumvera wailesi. Tambala wakhala pampando wanga, mwendo pamwamba pa unzake.

"Kwanu sanena odi?" wandifunsa.

"Pepani. Ndimati tipite kukhola kwanu kwatsopano. Ndi kwakukulu, utuchi ndathira kale."

Thadzi lakuda la mikolongwe, lomwe linali litavala mpango kumutu, n'kuseka. "Bambo inu, zaka zonsezi mukuweta nkhuku? Ife timagona pomwe tinagona dzulo. Mukafuna tizolowere kwina, mutitsekere masiku atatu. Nanga mutitsekera ndi chiyani?"

Ndiye ndayamba kuzigwira ziwiriziwiri, kukhwapa uku ina, uku ina, kukaponya kukhola. Ndikabwerera ndikuzipeza zandidutsa kale, zakhala pampando. Ndawerenga, zakwana makumi asanu ndi atatu, ina yavala nsapato zanga.

Mwadzidzidzi chitseko cha kuchipinda kwathu chadutsa pakati pathu chikuyenda chokha, chitasenza chikwama.

"Iwe, ukupita kuti?"

"Ku Ntcheu," chayankha, ndipo mawu ake ndi a mayi a Yankho enieni. "Zaka khumi ndi zisanu ndikukutchingirani mphepo, inu maso ali pa nkhuku."

Apa ndiye ndinachita mantha enieni, anzanga, osati a maloto. Ndati ndithamange, miyendo ikutitimira mu utuchi mpaka m'mawondo. Ndati ndiitane dzina lawo, pakamwa pangotuluka kokoliliko. Pamsewu paima minibasi, kondakitala wake ndi likongwe uja, akuitanira za ku Ntcheu. Chitseko chati chikwere, sichikukwana pakhomo, chikungogunda: kho, kho, kho.

Ndatsegula maso, kwacha, koma kho kho uja sakusiya. M'chipinda mukulowa mphepo. Pomwe pamakhala chitseko pangotsala mabowo a misomali, ndipo thadzi lakuda laima pomwepo likundiyang'ana ndi diso limodzi.

Ndathamangira kuseri opanda malaya. Ndapeza mayi a Yankho aimika chitseko chathu cha kuchipinda pakhomo pa khola, misomali iwiri ili pakamwa, hamala kumanja. Alavulira misomaliyo m'dzanja.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Yankho? Lero ndi Loweruka."

"Ndiye... ku Ntcheu kuja?"

"Nkhukuzi theka n'zanga, sindingasiyire likongwe. Cha kuchipinda mukapeze nokha, ndipo mpaka mutachipeza ine ndizigona kwa ana. Gwirani apa, chisapendame."

Ndagwira, iwo n'kupitiriza kukhoma. Mpaka pano sindikudziwa ngati andikhululukira.