Mafuta Anga Ophera Anankafumbwe

Lolemba
Pa wailesi akuti akatswiri akunja akutenga mafuta a masamba onunkhira n'kuwatsekera m'timakoko tosaoneka ndi maso, kuti fungo lizituluka pang'onopang'ono n'kumapha anankafumbwe. Nanga chovuta n'chiyani? Masamba ali mbwee m'munsi mwa phiri la Michesi muno, nzeru ndili nazo. Chaka chatha chimanga chathu chidafumbwa, tidafika Febuluwale tikudya gaga. Chaka chino ayi.

Lachiwiri
Zofunika: masamba a bulugama, makoko a mandimu, tsabola, mafuta ophikira. Ndikukazinga zonse m'chiwaya. Utsi wake wathamangitsa nkhuku yomwe imafungatira m'khitchini. Nkhuku yathawa, ndiye nankafumbwe ndani?
Mayi a Esinati, akazi anga: "Mafutawo anali a mwezi wonse."

Lachitatu
Timakoko tosaoneka tija kumsika kulibe. Ndikugwiritsa ntchito makoko a mtedza: kuswa, kudonthezamo mafuta, kumata ndi kandulo. Anga aposa a akatswiri, poti akuoneka. Ndawakwirira m'matumba onse, ndi la apongozi lomwe, limene adasungitsa m'nyumba mwathu.

Lachinayi
Ndaitana a Nakhumwa, oyandikana nawo nyumba, kuti aphunzireko. Apisa dzanja m'thumba, latuluka lili bii anankafumbwe, onenepa, onyezimira.
"Koma mwawadzoza bwino, achimwene."
Nsanje basi.

Lachisanu
Makoswe! Fungo la mtedza laitana mtundu wonse. Matumba aboola, makoko atafuna, mafuta ayenderera m'chimanga. Komabe khoswe wina ndamumva akuyetsemula. Ndiye kuti tsabola akugwira ntchito.

Loweruka
Phala la m'mawa likumveka ngati mankhwala a chifuwa. Esinati walavula. Apongozi abwera kudzatenga thumba lawo, akutsokomola monga mwa masiku onse. Anunkhiza chimanga, alawa phala, andiyang'ana. Akulankhula ndi mwana wawo m'Chilomwe. Chilomwe chothamanga sindichimva, koma chala chawo chikuloza njira yopita kwathu ku Mkhumba. Ukamwini ndi wowawa kwa munthu wanzeru.

Lamulungu
Ndikupeta chimanga ndekha pabwalo, lichero m'manja, anthu opita kutchalitchi akundipatsa moni wautali. Kenako kuyanika, kenako kusoka matumba. Apongozi akuti ndikhale, poti palibe wina angamalize chimanga chimenechi. Tidya bulugama mpaka kukolola.
Koma chilawireni phala lija, sanatsokomoleko ngakhale kamodzi. Ndawafunsa za pachifuwa, ayankha za mvula. Palibe wandithokoza.