Batire la Njinga ndi Kabichi wa Amake Tadala

Lolemba

Batire lafika kuchokera ku Linthipe, lochotsa mu njinga yamagetsi yomwe inagwera mu mlatho. Mkati muli timabatire tambirimbiri tolumikizidwa pamzere, mphamvu yake yoti munthu ukagwira molakwika sudzagwiranso kanthu. Pamwamba pali katchipu kangati chikhadabo, ntchito yake kuyang'anira mavoliti a kabatire kalikonse ndi kundionetsa pa foni.

Cholinga changa: batire liyendetse pampu, pampu ithirire kabichi wa mkazi wanga, amake Tadala, kudimba, ine mkamwini wophunzitsa sayansi ndioneke kuti sindinabwere pamudzi pano kudzangodya. Ndikuwauza mayiwo kuti makheni othirira aiwale. Akuti, "Tamva, aphunzitsi."

Lachiwiri

Kabatire kalikonse kali ndi kawaya kake kopita ku katchipu. Timawaya tonse n'tofiira. Amene anaganiza zimenezi Mulungu amukhululukire. Ndavala magolovesi, ndavula mphete, nkhuku ndazithamangitsa. Madzulo foni ikuonetsa timizere tobiriwira, tofanana ngati ana a kwaya, kupatula kamodzi kakafupi. Sindikukalabadira.

Lachitatu

Madzi akutuluka! Kudimba kwadzaza anthu, ena asiya mbatatesi zawo m'mizere. Amake Tadala akugwira paipi, akuseka. Alamu anga, a Fabiano, akuuza aliyense kuti maganizo anali awo.

Tisanamalize bedi loyamba, pampu yazima. Foni ikuti kabatire ka kamzere kakafupi kaja katsika kwambiri, ndiye katchipu katseka batire lonse. Tina tonse tili todzaza, koma iko sikamva. Ndikufotokozera anthu kuti uku n'kuteteza. Mayi wina akunyamula khasu lake: "Ndiye latetezeka, kabichi nanga?"

Lachinayi

Kwazizira, chifunga chatsekereza phiri. Katchipu kakukana kutchaja mpaka batire litenthedwe. Ndaliyanika pakhonde, ine ndi mphaka tikudikira nalo.

Dzuwa litatuluka, kayamba kulinganiza: kakuchepetsa mphamvu ya timabatire todzaza kuti kofookako kawapeze. Pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono kwambiri.

Zomwe ndamva lero: a Fabiano, "Alamu, dulani kawayako mulumikize dairekiti, ife timatero." Amake Tadala, "Makheni ndinabwereketsa ku Lobi, si munati tiiwale?" Kabichi sakunena kanthu, wangogwetsa makutu.

Lachisanu

Ndagwira pulayala. Kunena zoona, mawu a alamu andilowa. Mbande zimenezi mayiwa anazilera kuyambira ku nazale, akudalira zomwezo pa sukulu ya Tadala, ndipo zikufota chifukwa cha pakamwa panga.

Ndisanadule, ndikutsegula chivundikiro kuti ndikaone kabatire kovutako. Katupa ngati mandasi, ndipo n'kofunda pamene anzake ali ozizira. Ndikuika pulayala pansi. Batire ili lakhala likugona kuseri kwa chitseko, pafupi ndi mphasa ya mwana.

Amake Tadala akuyang'ana, kenaka akuti, "Likagone kukhola lakale, kopanda denga la udzu." Palibe chotsutsa. Kaya n'chifukwa chiyani, ndikupeza kuti ndikupepesa katchipu.

Loweruka

Ku Linthipe kukasaka kabatire kena. Wokonza mawailesi ali nato tambiri, tonse tosiyana kukula. Wina akufuna kundigulitsa batire la tochi. Masana ndikukapeza kwa mwini njinga ija, m'thumba la zomangira. Ndakalumikiza. Foni ikuti katsopanoka kali m'munsi mwa anzake, kulinganiza kuyambirenso. Mpaka liti, siikunena.

Pobwera ndagula kheni imodzi. Ndaibisa m'thumba la feteleza podutsa pa alamu.

Lamulungu

Titaweruka ku Misa, kudimba. Ine kheni, amake Tadala ndowa. Msana ukuwawa, nsapato za kutchalitchi zathera m'matope. Bedi la kumtunda lapita, enawo adzuka.

Katchipu kakadali pa ntchito yake kukhola. Kamzere katsopano kakwera pang'ono, ndaona kawiri kuti ndisadzinamize. Sindilonjezanso kanthu kwa aliyense.

Pobwerera mayiwa akuti, "Amayi akufunsa ngati paipi ingadzafike ku mpiru wawo, zikadzatheka." Apongozi, amene chikwatire changa sanandipemphepo ngakhale singano.

Ndayankha kuti ifika Lachitatu.