Timabotolo ta a Gideoni

Kuchokera ku Madisi mpaka ku Malomo, a Gideoni ankadziwika kuti ndi bambo woyeza galimoto kutentha thupi. Anali amuna anga, ndipo ndivomere kuti ndinkachita nawo manyazi.

Pikiapu yawo inali chiphapha. Chitseko chakumanzere ankachimanga ndi linya, ndipo kuti injini ilire pankafunika amuna atatu okankha. Koma kunsi kwake kunali mashoko anayi oitanitsa kunja, zitsulo zija zoletsa galimoto kudumphadumpha pa mabampu. Lililonse linali ndi kabotolo kakekake kachitsulo kolumikizidwa ndi paipi, kosungira mafuta owonjezera.

"Shoko wamba likamenya mabampu limatentha, mafuta n'kuchita thovu ngati thobwa losasa, basi lafooka," ankafotokozera aliyense, ngakhale wongofunsa njira. "Angawa ali ndi kopumira."

Akafika pamwamba pa chitunda chilichonse ankaima. Ankatsika, kugwada, n'kukhudza timabotolo tonse tinayi ndi kuseri kwa dzanja ngati mayi woyeza mwana malungo.

"Wadzuka bwanji wodwalayo, a Gideoni? Timuphikire phala?" okwera ankafuula.

"Sekani, sekani. Koma mazira anuwo afika athunthu."

Ankafikadi athunthu. Amayi oyembekezera ankalola kudikira tsiku lonse kuti apite kuchipatala pa chiphapha chomwecho.

Tsiku lina atatinyamula amayi a Chigwirizano, anagwaditsa abusa pafumbi kuti nawonso akhudze. Abusa anadzuka n'kunena kuti, "Chikhulupiriro chanu n'chachikulu, bambo." Galimoto yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinakokera duku kumaso, ndipo kuyambira pamenepo ndinkakwera kabaza. A Gideoni sanandifunse chifukwa. Anangondipempha chinthu chimodzi.

"Mayi a Princess, moyo wanga wonse ndanyamula anthu osawagwedeza. Ndikadzafa mudzandinyamule pa galimoto yanga. Ndisadzagwedezeke ulendo womaliza."

Ndinalonjeza.

Anamwalirira kuchipatala ku Madisi, mvula ili pakati. A Kalebe, mnzawo wa paubwana, anabweretsa chiphapha chija pageti m'mamawa, atachitsuka. Koma mng'ono wawo wa malemu, a Andireya, anafika kuchokera ku Lilongwe ndi pikiapu yonyezimira.

"Alamu, achimwene akalowe m'mudzi pa chimenechi? Anthu atiyesa chiyani?"

Ndinayang'ana linya lija. Ndinayang'ana anthu. Ndinagwedeza mutu kuvomera. A Kalebe anangotitsatira pambuyo, chiphapha chilibe kanthu.

Titangosiya tala, bokosi linayamba: gu! gu! gu! Amayi tinakhala molizungulira tikuimba, koma bampu lililonse linkadula nyimbo pakati. Nkhata za maluwa zinagwera pamiyendo pathu. Mayi Margareta, amene anagwira kumutu kwa bokosi, ananong'ona kuti, "A Gideoni akugogoda." Wina anabisa chiseko m'chitenje.

Pa chitunda chachiwiri bokosi linatsetsereka n'kukamenya chitseko chakumbuyo. Ine amene sindinakwezepo mawu pagulu ndinamenya denga la galimoto ndi manja onse awiri.

"Imani! Imani!"

"Chavuta n'chiyani, alamu?"

"Ndinawalonjeza. Abwezereni galimoto yawo."

Amuna anasamutsa bokosi pamsewu pomwepo. Kenako chiphapha chinazima. Anakankha ndi a Andireya, suti ndi nsapato zosongoka zili m'matope, akutukwanira m'kamwa.

Kuchokera apo nyimbo inayenda yosaduka mpaka Amen. Nkhata zinakhala pamene tinaziika. Maenje anali omwewo, koma galimoto inkangowameza mwakachetechete.

Pamwamba pa chitunda chomaliza, pamene mudzi wathu umaonekera, a Kalebe anaima. Sanatsike. Anangosuzumira pawindo n'kundiyang'ana. Ndinatsika ndine. Ndinagwada m'matope, yunifolomu yoyera ya Chigwirizano ili m'thupi, anthu onse akuona, n'kuika kuseri kwa dzanja pa kabotolo koyamba. Kanali kofunda ngati chipumi cha munthu wamoyo. Zaka zonsezo ndinali ndisanakakhudzepo.

"Ali bwanji, mayi?" anafunsa a Kalebe.

"Ali bwino. Tiyeni."

Panalibe anaseka.

Masiku ano magalimoto amangodutsa pazitunda zathu osaima, ndipo amayi anayambiranso kukwirira mazira m'gaga popita kumsika. Anthu akamakamba za maliro aja amanditama kuti ndinalimba mtima. Ine ndimangoyang'ana pansi, chifukwa ndimawerenga njira: theka lake lonse bambo aja anagwedezeka, ndipo amene anavomereza ndine.

Chiphapha chili kuseri kwa nyumba, udzu wamera m'matayala. Loweruka lililonse ndimapukuta timabotolo tija. Ndimatikhudza tonse tinayi, ngakhale ndikudziwa kuti n'tozizira.